Mitsuko italiitali ya ku Japan ndi bodza la "weniweni"

Munthu akabweretsa mtsuko wautali wa ku Japan kwa katswiri woika mitengo pa zinthu zakale, katswiriyo sataya nthawi ndi maluwa kapena mbalame zojambulidwa pamimba pake. Amaupendeketsa n'kusuzumira kunsi kufuna chidindo. Kenako amayeza msinkhu, amafunsa ngati unzake ulipo popeza yambiri inkapangidwa iwiriiwiri, amafufuza ming'alu, n'kuonanso ngati wina anaubowola kuti adutsitse waya wa nyale. Zonsezi zimathera pa funso limodzi: kodi ndi weniweni? Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo ndinazolowera kukayikira mawu amene aliyense amawatchula popanda kunena tanthauzo lake. Pa nkhani ya mitsukoyi mawu akuti "weniweni" ndi achinyengo. Amene amawagwiritsa ntchito pokweza mtengo wa mtsuko wakale ndi kunyoza watsopano ayambe awerenga mbiri ya katundu wawoyo.

Tiyambe ndi kutalikako. M'nyumba yachikhalidwe ya ku Japan anthu amakhala pansi pa mikeka, ndipo chokongoletsa chimaikidwa pa kamalo kotchedwa tokonoma: chithunzi chimodzi chopachika, kamtsuko kamodzi, mwina nthambi imodzi ya maluwa. Chimtsuko chofika m'chifuwa mwa munthu, chonyezimira golide kuyambira kukamwa mpaka kunsi, chilibe pokhala m'chipinda chotero. Chinaumbidwira maso a anthu ena. Boma la Meiji, limene linayamba mu 1868, linkafuna ndalama zakunja ndi ulemu wa mayiko a Azungu, ndipo linaona kuti zoumba zikhoza kubweretsa zonse ziwiri. Pa zionetsero zikuluzikulu za ku Vienna mu 1873 ndi ku Philadelphia mu 1876, katundu wa ku Japan anayenera kuonekera patali m'maholo odzaza ndi makina ndi mbendera. Mitsuko inakula chifukwa cha maholowo, kenako chifukwa cha nyumba za anthu olemera a ku London ndi Boston amene ankafuna umodzi uku ndi wina uko m'mbali mwa malo oothera moto. Chimene ogulitsa lero amachitcha mzimu wa Japan wakale chinali katundu wa malonda akunja, wopangidwa motsatira zokonda za wogula.

Dzina lokondedwa kwambiri pamsikawu ndi Satsuma. Satsuma linali dera la kumwera kwa chilumba cha Kyushu, kumene lero kuli Kagoshima, ndipo linadzionetsera palokha ku Paris mu 1867. Dzinali litatchuka, aliyense analilumphira. Mitsuko yochuluka yotchedwa Satsuma inajambulidwa ku Kyoto, Osaka, Kobe, Yokohama ndi Tokyo. Fakitale ya Kinkozan inali ku Kyoto. Yabu Meizan, amene ntchito zake osonkhanitsa amazilimbirana, ankagwira ntchito ku Osaka. Chizindikiro cha banja lachifumu la Shimazu, mtanda mkati mwa mkombero, chinajambulidwa pa zinthu zambirimbiri zimene banjalo silinazionepo. Ogulitsa ena ankadetsa dala mitsuko yatsopano kuti ioneke yokalamba, ndipo Edward Morse, Mmereka amene anasonkhanitsa zoumba za ku Japan, anali atachenjeza kale za "Satsuma wakale" wabodzayu m'zaka za m'ma 1880. Ndiye taonani: chinthu chimene chinali chonamizira nthawi imeneyo lero chapitirira zaka 100, chasanduka chakale chenicheni, ndipo chikugwiritsidwa ntchito ngati muyeso wotsutsira zonamizira za lero. Chakalamba ndi bodza lomwelo.

Palinso nkhani imene chidindo sichinena. Pakati pa 1592 ndi 1598 Toyotomi Hideyoshi anaukira Korea kawiri, ndipo akuluakulu a nkhondo ake pobwerera anatenga amisiri oumba a ku Korea. Shimazu Yoshihiro anapita nawo ku Satsuma. Ku Arita, kumene kunachokera mbale ndi mitsuko yotchedwa Imari potengera dzina la doko limene inkakwerera zombo, mwambo umati Mkoreya Yi Sam-pyeong ndiye anapeza mwala woumbira zadothi zoyera cha m'ma 1616. Kuchokera mu 1659 kampani ya Adatchi ya VOC inayamba kugula katunduyu wambiri, ndipo zombo zake zinkaima ku Cape popita ku Ulaya. N'chifukwa chake mbale za Arita zokhala ndi zilembo za VOC zimapezeka m'nyumba zosungira zakale ku Cape Town. Mitsuko ikuluikulu imene inadabwitsa anthu ku Vienna inaumbidwa ndi Chin Jukan wa mbadwo wachi 12, mdzukulu wa ogwidwa aja. Manja a ku Korea, dothi la ku Kyushu, zokonda za ku Ulaya. "Weniweni" wake ali pati pamenepa?

Ngakhale zolembedwa kunsi zimene osonkhanitsa amaziloweza ngati katekisimu zinachokera kwa okhometsa msonkho a ku America. Lamulo la McKinley la mu 1890 linafuna kuti katundu wolowa m'dzikolo alembedwe kumene wachokera, choncho opanga analemba "Nippon". Mu 1921 America inati alembe "Japan". Liwu limodzi likhoza kusintha mtengo, pamene dothi, ng'anjo ndi wojambula angakhale omwewo.

Wina adzati ndikunyoza luso. Ayi ndithu. Namikawa Yasuyuki wa ku Kyoto ankapinda timawaya topyapyala pa chitsulo, n'kudzaza timipatato ndi ufa wa galasi, kuwotcha, kudzazanso, kuwotchanso, kenako kupukuta mpaka duwa lioneke ngati layandama pa mdima wakuda bii. Ntchito yotere iyenera mtengo wake, ndipo chifukwa chake chimaoneka ndi maso, chidindo chisanafunsidwe n'komwe. Chimene ndikukana ndi kuika msinkhu, zaka ndi dzina patsogolo pa ntchito, moti chimtsuko chopakidwa golide mothamanga chimalemekezedwa chifukwa chongoti ndi cha Meiji. Ife a kuno tikuyidziwa nyimbo imeneyi. Wosema akagulitsa chiboliboli kwa mlendo lero amauzidwa kuti ndi za pabwalo la ndege, koma chimene agogo ake anasemera mtsamunda chili m'galasi ku Ulaya.

Banja la Chin Jukan likuumbabe ku Miyama, m'chigawo cha Kagoshima, ndipo lafika pa mbadwo wachi 15. Mtsuko wotuluka m'ng'anjo yawo chaka chino ndi Satsuma kuposa zambiri zimene zimagulitsidwa ndi dzinalo pa okushoni, koma pa mndandanda wa ogulitsa zakale ulibe malo chifukwa ndi watsopano. Wa ku Kobe uja, wokhala ndi mtanda wa Shimazu wobwereka, ndiye amaulembera tsamba lake lonse.