Mwana wa duu si mwana wa phee

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, masiku ano pa intaneti pakuchuluka nkhani ya mindfulness, imene pa Chipwitikizi akuti atenção plena. Akuti ana asukulu aziphunzitsidwa kukhala kamphindi osachita kanthu, kumvetsera mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka, ndi kuzindikira zimene zikuchitika m'thupi ndi mumtima mwawo popanda kudzidzudzula. Maganizo anga ndi awa: chinthuchi chingathandize ana athu, koma pokhapokha chikachitika m'chilankhulo chimene mwana amalirira ndi kusekera. Tikachichita m'Chipwitikizi kwa mwana wa kalasi yoyamba ku Ulónguè kapena ku Metangula, chidzangokhala njira ina yomuuzira kuti "Silêncio!"

Tiyambe ndi kumene chinachokera. Muzu wake uli m'chipembedzo cha Chibuda ku Asia. Mu 1979 wasayansi wa ku America, Jon Kabat-Zinn, anachichotsa zachipembedzo n'kuyamba kuphunzitsa odwala pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts, m'maphunziro a masabata 8, kuti azitha kupirira ululu ndi nkhawa. Kuchoka kuchipatala chinalowa m'maofesi, kenako m'masukulu.

Kodi m'masukulumo chinathandiza? Ku Britain kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa MYRIAD, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Anatenga masukulu 84 ndi ana oposa 8000 azaka 11 mpaka 14. Anapeza kuti ana amene anaphunzitsidwa mindfulness m'kalasi sanapose anzawo amene anangopitiriza maphunziro a masiku onse pa nkhani ya thanzi la maganizo. Ambiri sankachita n'komwe kunyumba zimene anauzidwa. Amene anaonako phindu anali aphunzitsi: kutopa kwawo ndi ntchito kunachepa ndipo pasukulu pankakhala mtendere, ngakhale kuti phindulo linazilala patapita nthawi.

Ine ndikutolapo zinthu ziwiri. Choyamba, si mankhwala amene ungangowabweretsa m'phukusi n'kumwetsa ana onse. Ngati sizinatheke kwa ana amene ankaphunzitsidwa m'Chingerezi chimene amachimva bwino, nanga kuli bwanji kwa mwana amene sakumva ngakhale mawu amene mukumuuzawo? Chachiwiri, kudekha m'kalasi kumayambira kwa mphunzitsi.

Tsopano tibwere kwathu. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu a ku Mozambique amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo choyamba sakwana ngakhale mmodzi mwa asanu. Kumidzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi m'mbali mwa nyanja ku Niassa, mwana amafika pasukulu ali ndi zaka 6, akudziwa nthano, zilapi, mayina a mbalame ndi kuwerenga mbuzi za kwawo. Akalowa m'kalasi ya Chipwitikizi chokhachokha, zonsezo amazisiya pakhomo. Mphunzitsi akafunsa kuti "Perceberam?" kalasi yonse imayankha kuti "Siiim!" ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri sanamve kanthu. Ukamuloza mmodzi yekha, amaweramitsa mutu.

Chinyanja chathu chili ndi mawu awiri amene amasiyanitsa bwino nkhaniyi. Pali mwana amene ali duu, ndiye pali mwana amene ali phee. Wa duu watseka pakamwa chifukwa cha mantha, manyazi kapena kusamva. Kunja akuoneka wofatsa koma m'kati mtima ukugunda, akungopempha kuti aphunzitsi asamuloze. Wa phee mtima wake uli m'malo, makutu ali tcheru, ndipo ukamufunsa ayankha. Mlendo wodutsa pawindo sangawasiyanitse, chifukwa onse awiri sakusokosa. Mphunzitsi ayenera kuwasiyanitsa. Makalasi athu ambiri sasowa ana okhala chete. Amasowa ana opanda mantha.

Mantha si nkhani ya mumtima mokha, amadya malo m'mutu. Munthu amatha kugwira zinthu zochepa chabe m'maganizo pa nthawi imodzi. Mwana akamawerengetsa 47 kuphatikiza 28 ayenera kusunga manambala m'mutu kwinaku akugwira ntchito. Ngati theka la mutu likuganiza kuti "ndikalakwa andiseka," malo a samuyo atha. N'chifukwa chake mwana amene amabweza chenji bwinobwino pamsika amauma pabolodi.

Izi tinaziona kale m'dziko lathu lino. Kuyambira 1993 mpaka 1997 kunali ntchito yoyeserera maphunziro a zilankhulo ziwiri yotchedwa PEBIMO, ku Tete m'Chinyanja ndi ku Gaza m'Chichangana. Amene anaiunika anaona kuti ana ankalankhula ndi kuyankha momasuka kuposa m'makalasi a Chipwitikizi chokha. Mu 2003 maphunzirowa analowa m'masukulu a boma. Choncho ine ndimati njira yoyamba yokhazikira pansi mtima wa mwana tili nayo kale: kumulankhula m'chilankhulo chake.

Komanso mindfulness imatsamira kwambiri pa mawu. Mwana amafunsidwa kuti atchule chimene akumva. M'Chipwitikizi mwana wa kalasi yachiwiri ali ndi mawu awiri kapena atatu: "estou bem", "estou triste". M'Chinyanja ali ndi nkhokwe yodzadza. Mtima uli m'mwamba. Mtima ukundiwawa. Ndapsa mtima. Ndili ndi nthumanzi. Thupi lachita tsembwe. Mutu waima. Mtima uli myaa. Taonani kuti mawu amenewa amaloza pamalo penipeni m'thupi, zomwe aphunzitsi a mindfulness amatha masabata akuphunzitsa anthu kuti azizizindikira. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tikamuuza munthu kuti "khazika mtima pansi" timadziwa chimene tikunena. Nanga tibwerekerenji mawu pamene athu alipo?

Ndiye tichite bwanji m'kalasi ya ana ochuluka, ena atakhala pansi, ena pansi pa mtengo? Sipafunika ndalama kapena buku. Pa mphindi 45 za phunziro tengani zitatu, makamaka ana akangobwera ku intervalo kapena musanagawe prova. Yambani inuyo: ikani choko pansi, tsitsani mapewa, tsitsani mawu. Kenako nenani kuti, "Ana inu, ikani manja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno ngati mukununkhiza chimanga chootcha. Tulutsani pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala lotentha." Chitani kasanu. Kutulutsa mpweya kuzitenga nthawi yaitali kuposa kukoka, chifukwa pamene munthu akutulutsa mpweya mtima umagunda mochedwerako. Tsiku lina auzeni amvetsere ndi kuwerenga phokoso lililonse limene akumva: tambala, njinga yamoto, mphepo m'masamba. Pomaliza funsani awiri kapena atatu amene akufuna okha kuti, "Mtima wako uli bwanji lero?" Yankho lililonse lilandireni. Apa palibe kukhoza kapena kulakwa, palibe kuchonga.

Musakakamize mwana kutsinzina. Ena mwa ana athu anaona madzi a namondwe Ana mu 2022, pamene mlatho wa pa Revúbuè unaduka ku Tete, ena anaona Freddy mu 2023, ena amaona ndewu kunyumba usiku uliwonse. Mwana wotero akatseka maso amatha kuona zomwezo. Aloleni ayang'ane pansi kapena pa manja awo. Amene sakufuna angokhala osasokoneza anzake.

Pali zinthu zimene kupuma mpweya sikungakonze, ndipo tisadzinamize. Chaka cha sukulu chimayamba nthawi imene nkhokwe zambiri zapepuka ndipo chimanga sichinache. Mwana amene akunjenjemera chifukwa sanadye kuyambira dzulo akufunika phala. Mphunzitsi amene ali ndi ndodo patebulo sangaphunzitse kudekha, chifukwa maso a ana onse ali pandodopo. Ndipo mwana akakuuzani zinthu zoopsa, monga kumenyedwa koopsa, kugwiriridwa kapena kukakamizidwa ukwati, musamuuze kuti apume mpweya basi. Tengani nkhaniyo kwa akuluakulu a sukulu, kuchipatala, kapena imbani 116, nambala yaulere ya Linha Fala Criança. Mukatsegula khomo m'chilankhulo cha mwana, nkhani zotere zidzatuluka ndithu, ndiye khalani okonzeka.

Makolo ena afunsa kuti, kodi amenewa si mapemphero achilendo? Funsolo n'lomveka, poti ndanena kale kuti muzu wake uli m'Chibuda. Koma zimene ndafotokozazi zilibe pemphero, zilibe dzina la mulungu aliyense, zilibe mawu achinsinsi. Mwana wa Mkhristu ndi mwana wa Msilamu onse amapuma mpweya mofanana. Ndipo ubwino wochita m'Chinyanja ndi womwewu: mayi aliyense atha kuima pakhomo la kalasi n'kumva mawu onse amene mwana wake akuuzidwa. Aphunzitsi, fotokozani nkhaniyi ku msonkhano wa Conselho de Escola musanayambe.

Ena ati, mayeso a m'tsogolo ndi a Chipwitikizi, bwanji osachita zimenezi m'Chipwitikizi kuti ana azolowere? Chipwitikizi chili ndi nthawi yake pa ndandanda, ndipo tonse tikufuna kuti ana athu achidziwe bwino. Koma mphindi zitatu zimenezi si phunziro la chilankhulo. Mwana amene akuvutika kumasulira "inspira" ndi "expira" m'mutu mwake sakupumula, ali pa mayeso ena. Mawuwo adzabwera pa nthawi yake. Amene akudziwa kale kuti nthumanzi n'chiyani, tsiku limene adzamve mawu akuti ansiedade adzangowakoleka pa chinthu chimene ali nacho. Ndipo m'makalasi a pamwamba, pamene Chipwitikizi chayamba kutenga malo ambiri ndipo ana ambiri ayambanso kukhala duu, ndi pamene mphindi zitatu za Chinyanja zikufunika koposa.

Inu makolo, gawo lanu ndi losavuta. Mwana akabwera kusukulu timakonda kufunsa kuti wapeza zingati. Nthawi zina mufunseni kuti mtima wake unali bwanji m'kalasi, ndipo dikirani ayankhe. Inu aphunzitsi anzanga, yesani kwa masabata awiri, muone ngati manja amene sakwezedwa ayamba kukwezedwa. Mundiuzenso mawu amene ana a kwanu amanena akafuna kufotokoza mantha, mkwiyo ndi chimwemwe, chifukwa a ku Lago sanena chimodzimodzi ndi a ku Dómuè. Tiwasonkhanitse, tidzagawane pa misonkhano yathu ya ZIP.