Jekete ipume kaye, ku Mwanza kwatentha

Manachesi akayamba kuchepa m'madengu a amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu wa M6, munthu wa ku Mwanza amadziwa kuti chisanu chatsanzika. Mphepo ya August imabwera ndi fumbi, akamvuluvulu n'kumavina m'mabwalo a sukulu, ndipo pofika September dzuwa limakhala litakwiya kale isanakwane 10 koloko m'mawa. Kumaiko a azungu chisanu chimatha pang'onopang'ono. Kuno sichoncho: lero munthu wafunda juzi, sabata yamawa akupukuta thukuta.

Chodabwitsa n'chakuti nyengo ikasintha chonchi, zovala za kuntchito kwa anthu ambiri sizisintha. Mphunzitsi akupalasa njinga mtunda wautali tayi ali pakhosi. Kalaliki wa paboma ali mujekete yakuda yomwe ija ya mu June. Nayenso mnyamata wothandiza madalaivala a mathiraki kulemba mapepala a katundu pachipata cha Mwanza akuthamanga padzuwa ndi malaya a nayiloni omata pamsana. Dalaivala amene wangotuluka kumene m'ng'anjo ya ku Tete kudzera pa Zobue wavala kabudula ndi patapata, akumuyang'ana mwachisoni.

Khalidweli lili ndi gwero lake. Amalawi adakula akuona Dr Hastings Kamuzu Banda ali musuti, chipewa kumutu, litchowa m'manja, kaya ndi ku Nsanje mwezi wa October. Lamulo la kavalidwe la 1973, lomwe linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, lidathetsedwa dziko likulowa m'ndale za zipani zambiri, koma maganizo oti munthu waulemu ndi wajekete adatsalira m'mitu. Mpaka lero alipo mabwana amene amayeza khama la wantchito poyang'ana pakhosi pake.

Izi zikufunika kusintha. Dziko la Japan, komwe suti amailemekeza kuposa kuno, lidayamba m'chaka cha 2005 kulimbikitsa ogwira ntchito kusiya jekete ndi tayi kunyumba m'miyezi yotentha, pofuna kuchepetsa magetsi oziziritsira maofesi. Nanga ku Mwanza, komwe maofesi ambiri chowaziziritsa ndi zenera lotsekula basi, jekete ikusungidwiranji? Mphunzitsi amene wanyowa thukuta ola lachiwiri lisanathe saphunzitsa bwino masana, ndipo amene amalipira zimenezi ndi ana.

Koma pamene pagona nkhani ndi pathumba. Chilimwe chimafika nthawi yoipa kwambiri pabanja. Mu September sukulu zimatsegulira, ana akufuna fizi, yunifolomu ndi makope. Kutsogoloku kukudikira feteleza ndi mbewu. Chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, belo la kaunjika lidakwera mtengo, pakuti limachokera kunja, ndipo wogulitsa pamsika sangachitire mwina koma kukankhira mtengowo kwa wogula. Choncho bambo kapena mayi amene akuganiza zosintha zovala zonse chifukwa kwatentha akuputa mkangano kunyumba.

Kusintha zonse sikofunika n'komwe. Poyambira pabwino ndi kukhuthula sutikesi n'kuona zomwe zilimo kale. Malaya aatali manja amene makafu ake adaperepeseka, telala wa pakhonde amawadula n'kukhala amikono yaifupi ooneka ngati atsopano. Kolala yothetheka amaisomola n'kuitembenuza, luso limene achinyamata ambiri sadziwa kuti lilipo. Diresi lokhala ndi nsalu yamkati yanayiloni angathe kulichotsa nsaluyo ngati yakunja ili yokhuthala bwino, ndipo mayi amapuma. Zonsezi mtengo wake sufika pa wa chovala chimodzi cha m'sitolo za ku Limbe.

Pogula chatsopano, funso loyamba likhale la nsalu, maonekedwe pambuyo. Thonje limamwa thukuta ndipo limalola mphepo kudutsa, pomwe poliyesita amatsekera kutentha m'thupi ndi kusunga fungo. Pakaunjika ndi bwino kutembenuza chovala n'kuwerenga kansalu kamene amalembapo zomwe adapangira. Pachitenje m'pamene pali msampha, chifukwa zitenje zambiri zowala zimene zadzaza misika n'zapulasitiki ngakhale zimaoneka zokongola. Kuyesa kwake n'kosavuta: kaulusi ka thonje kakapsa kamasanduka phulusa, ka poliyesita kamasungunuka n'kuuma ngati kankhuku ka pulasitiki. Telala wozindikira amadziwa pongoikhudza nsaluyo, ndiye kumufunsa musanagule si kutaya nthawi.

Nkhani ya mtundu nayo njofunika. Zoyera zimathandiza padzuwa, inde, koma aliyense amene adakwerapo kabaza kuchokera ku Thambani kapena ku Kunenekude mu September akudziwa kuti malaya oyera amafika paboma ali ofiira. Khaki, zotuwa ndi zobiriwira pang'ono zimabisa fumbi, ndipo sopo amakhalitsa. Malaya atatu oterewa ndi mathalauzi awiri opepuka amamutengera munthu sabata yonse popanda wina kuzindikira kuti akubwereza. Kwa amayi, siketi ziwiri zosalemba maluwa zimagwirizana ndi bulauzi iliyonse yachitenje.

Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi m'chaka cha 2016, ndipo chovala chachitenje tsiku Lachisanu chidazolowereka m'maofesi ambiri. Funso ndi lakuti, ngati malaya achitenje ali aulemu Lachisanu, alakwa chiyani Lolemba? Thonje limalimidwa kwa aneba ku Chikwawa ndi ku Balaka, fakitale ya nsalu ya Mapeto, yomwe kale inali David Whitehead, ili pa Blantyre pomwepa, ndipo atelala ali pakhonde lililonse. Ndalama yosoketsera imatsala pa Mwanza, n'kukagula ufa kunyumba kwa telala.

Apolisi, anamwino ndi ena a yunifolomu alibe chosankha, ndipo m'khoti muli malamulo ake. Koma ahedi a sukulu, akuluakulu a kukhonsolo ndi eni mabizinesi a pachipata angathe kungolengeza kuti kuyambira September mpaka mvula itagwa, malaya osita bwino ndi okwanira. Sipafunika bajeti kapena kalata yochokera ku Capital Hill.

Juzi ndi jekete zija zisatayidwe pakona. Zichapidwe, ziume bwinobwino, kenako zisungidwe m'sutikesi yotseka, apo ayi njenjete ndi mphemvu zichita phwando. Juzi imodzi yopepuka itsale pafupi, pakuti kumapiri a m'malire m'mawa kumazizirabe mu September. Ndipo amene watsala ndi kangachepe ayendere mulu wa majuzi pamsika panopa, pamene ogulitsa akufuna kungowachotsa. Juzi yomweyo mu May idzakhala pahang'ala, mtengo utakwera.