Banga lobadwa nalo silifuna mphini

Amayi anzanga, ndi inu agogo amene mumasambitsa makhanda, lero tikambirane za mabanga omwe ana amabadwa nawo. Maganizo anga ndi awa: mabanga ambiri sapweteka mwana. Chimene chimamupweteka ndi lumo ndi mankhwala omwe timathamangira pofuna kuwachotsa.

Tiyambe ndi lomwe limaoneka kawirikawiri kusikelo, banga lobiriwira modera, ngati pomenyedwa, pamatako kapena kumunsi kwa msana. Ana ambiri akhungu lakuda amabadwa nalo. Mzamba sanamutsine mwanayo, ndipo palibe anamulodza. Ndi utoto wakhungu womwe unatsalira mkati pamene mwana ankakula m'mimba. Silipweteka, siliyabwa, ndipo mwa ana ambiri limazilala lokha asanayambe sukulu. Pemphani anamwino alilembe m'buku la kuchipatala, kuti mawa wina asadzanene kuti mwana mumamumenya.

Lomwe limaopsa makolo kwambiri ndi kachotupa kofiira, kofewa, komwe pakhungu lakuda kamaoneka kofiirira modera. Madokotala amati hemangioma. Nthawi zambiri mwana amabadwa alibe, kamatulukira m'masabata oyamba, n'kukula mofulumira mpaka miyezi 5 kapena 6. Apa m'pamene pakhomo pamayamba mpungwepungwe: apongozi akuti tipite kwa asing'anga, ena akuti mayi analakalaka chakudya china ali woyembekezera. Ayi, mayi sanalakwe kalikonse. Ndi timitsempha ta magazi tomwe tachulukana malo amodzi. Mwana akakwanitsa chaka kamayamba kuphwa pang'onopang'ono, ndipo pofika zaka 5 mpaka 10 ambiri amangotsala ndi kachizindikiro chabe.

Tsono taganizani, kutema mphini pamalo podzaza mitsempha ya magazi, pa khanda lomwe magazi ake onse sadzaza n'komwe botolo la theka la lita. Magazi amavuta kuleka. Phulusa kapena mizu yosinja ikalowa pabalapo, pamatukusira, ndipo kafumbata amalowera pomwepo. Lumo likakhala lomwe latemera anthu ena, pali HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Bala likapola nkhani siithera pomwepo. Khungu lathu lakuda limachita msanga zipsera zotupa zija zimakula kuposa bala lenilenilo, zomwe mumaziona m'makutu mwa ena ataboola ndolo. Banga likanatha lokha, koma chipsera chotere mwana adzakalamba nacho.

Inunso akuluakulu, timadontho takuda totumphuka m'masaya ndi m'khosi, tomwe timachuluka munthu akamakula, n'takumtundu. Yang'anani nkhope ya mayi anu kapena azakhali, mutipeza. Si khansa ndipo sitipatsirana. Mafuta oyeretsa khungu a pamsika satichotsa, amangopyapyalitsa khungu.

Sindikunena kuti banga lililonse mulikhalire pakhomo. Kachotupa kofiira kaja kakakhala pachikope, pamphuno, pamlomo, kukhosi kapena kumaliseche, kapena kakachita chilonda, pitani nako msanga. Kakatseka diso kwa nthawi yaitali, disolo silidzaphunziranso kuona bwino. Mankhwala ochepetsa kukula kwake alipo, propranolol, koma amaperekedwa ndi dokotala atamuyeza mwana, osati kugula nokha. Banga lofiira lophwathalala lomwe laphimba mphumi ndi chikope, banga lakuda lalikulu kuposa chikhatho chanu lomera ubweya, kapena mabanga 6 kapena kuposa apo ooneka ngati tiyi wamkaka, onsewa akaonedwe. Alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala chaching'ono adzakulemberani kalata, ndipo pakafunika akatswiri a khungu ali ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kwa munthu wamkulu, funso ndi limodzi: kodi bangali likusintha? Likamakula, kusintha mtundu, kuyabwa, kutuluka magazi kapena kusanduka chilonda chosapola, musadikire kuti muyambe mwakolola. Ife akhungu lakuda khansa yapakhungu ya melanoma imakonda kuyambira kuphazi kopondera, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo omwe sitiyang'anako. Bob Marley inamuyambira pachala chakuphazi, ndipo anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 zokha. Posamba madzulo, tembenuzani phazi muone, muwaonenso agogo omwe maso awo saonanso bwino.

Mabanga atsopano oderako m'miyendo kapena m'kamwa, makamaka mwendo ukamatupa, akhoza kukhala khansa ya Kaposi, ndipo pamafunika kuyezetsa HIV tsiku lomwelo. Abale athu achialubino, kachilonda kalikonse ka pankhope, m'khutu kapena pakhosi kakatha masabata angapo kasakupola, kakaonedwe kuchipatala. Chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali zisasiyidwe m'nyumba ngakhale kunja kuli mitambo.