Tiwalole ana athu awoloke Muloza



Teremu yathayi anyamata asanu a Fomu 4 anandibweretsera pepala lolembedwa kuseri ndi kuseri. Akufuna kuti akamaliza mayeso a MSCE apite ku Quelimane m'dziko la Mozambique, akakhaleko masiku anayi, akaone nyanja ya mchere, kenako abwerere kwawo. Ndalama akusonkha okha, ena ndi ganyu, wina pogulitsa nanazi pamsewu. Nkhaniyi itafika kwa makolo, ambiri anayankha mofanana: ndalamazo asungire fizi kapena mpamba wa geni, zokayenda popanda maliro kapena ukwati ndi za azungu. Ine ndikuona mosiyana, ndipo ndapempha malo m'kalata ino kuti ndinene chifukwa chake.

Ulendo womwewu ndinauyendapo ndi anzanga atatu, aphunzitsi tokhatokha, patchuthi chachikulu. Tinakwera minibasi pa Boma mpaka ku Muloza, tinadinditsa mapasipoti mbali zonse ziwiri, kabaza n'kutitula m'tauni ya Milange. Kuchokera apo tinakwera chapa, ndilo dzina la minibasi kumeneko, makilomita pafupifupi 200 kukafika ku Mocuba, kenako ena pafupifupi 150 kutsikira ku Quelimane. Mukawerengera bwino, mtunda wake sukusiyana kwenikweni ndi wopita ku Lilongwe. Komatu ambiri a ife tinabadwira kuno, takalambira kuno, tikudziwa Area 25 ndi Mchesi, koma nyanja imene mitsinje yathu imakathera sitinaionepo. Madzi a Muloza amalowa mu Ruo, a Ruo mu Shire, a Shire mu Zambezi, ndipo Zambezi amakatsira m'nyanja kumwera kwa Quelimane. Zimenezi timaphunzitsa ndi choko chaka ndi chaka.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri si nyanjayo ayi, koma kukonza ulendo tokha. Panalibe hedimasitala woti atisungire ndalama, panalibe basi ya sukulu yotidikira. Tinakangana za bajeti madzulo atatu. Pamalire, munthu wosintha ndalama anandiwerengera ma metical mofulumira, ine n'kuvomera chifukwa chochita manyazi kubwereza pamaso pa anzanga. Nditawerenganso ku Milange ndinapeza kuti ndaluza ndalama ya chakudya cha tsiku lathunthu. Mphunzitsi wa masamu ameneyo! Anzanga anandiseka mpaka ku Mocuba, koma anandidyetsa. Kuyambira pamenepo tinasankha mmodzi wosunga thumba, wina wolemba chilichonse chotuluka, wina woyang'ana nthawi za Swala. Mwana amene wadutsa m'zimenezi ali ndi zaka 18 sadzavutika tsiku lomwe adzapite ku koleji kapena ku Joni, kumene ambiri mwa ana athu amapita asanayendepo ulendo wautali ndi kamodzi komwe.

Pali chinanso chimene ife Asilamu a ku Mulanje tiyenera kukachiona ndi maso. Chisilamu sichinatipeze kudzera ku Blantyre. Chinabwera kuchokera kugombe la nyanja, m'njira za malonda zomwe makolo athu achiyao ankayenda kupita ku Kilwa, ku Ilha de Moçambique ndi ku Quelimane. Njira zomwezo, tisabise, ndi zomwe zinkanyamulanso minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo. N'chifukwa chake atsamunda anamanga Fort Lister mu 1893 pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kuti atseke njira yopita kugombe. Ine ndinaima m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, dzina lomwe Vasco da Gama anaupatsa mu 1498, ndikuganiza za anthu a kwathu kuno amene anafika pamenepo wapansi, atamangidwa, osabwereranso. Phunziro limenelo ndaliphunzitsa m'kalasi kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinasowa chonena. Pagombe pomwepo ndi pomwe namondwe wa Freddy anatulukira kumtunda mu Malichi 2023 asanadzagumule mapiri ndi midzi yathu kuno ndi ku Phalombe. Tinacheza ndi bambo wina wopalasa kabaza za denga lake lomwe linauluka, ife n'kumuuza za abale athu amene anapita ndi matope. Tinamvana ndi Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe ndi manja.

Tsopano nkhawa za makolo. Sindikuzipeputsa.

Ya ndalama ndi yoona. Kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula kunja chinakwera, ndipo pasipoti payokha ndi mtolo wolemera. Mwana amene kwawo kulibe ufa asakakamire ulendo chifukwa choti anzake akupita, ndipo pasakhale wotenga ngongole ya katapila chifukwa chofuna kukajambulitsa pamchenga wa Zalala. Koma ndalama yomwe mwana waitolera yekha miyezi isanu ndi umodzi, akudziletsa mayunitsi ndi jezi ya mpira, yagwira kale ntchito yake asanakwere n'komwe galimoto. Tikamulanda cholingacho, musaganize kuti ndalamayo idzakhala mpamba. Idzathera m'foni.

Ya chitetezo ndiyo imandigwira mtima kwambiri, ndipo apa ndine wouma mutu kuposa makolo. Tonse tikudziwa kuti anthu amawoloka Muloza tsiku ndi tsiku podutsa madoko a m'midzi kukagula chimanga, popanda pepala lililonse. Kukafika ku Milange mwina zimatheka, koma kupitirira apo pali malodibuloko, ndipo apolisi amafunsa zikalata m'Chipwitikizi. Kuonjezera apo, kuyambira mu 2017 kumpoto kwa dzikolo, m'chigawo cha Cabo Delgado, kuli nkhondo ya zigawenga zomwe zimadzitchula dzina la chipembedzo chathu. Quelimane ili kutali kwambiri ndi kumeneko, m'chigawo cha Zambézia, koma mnyamata wachilendo wovala chisoti, wopanda pasipoti, wosatha kufotokoza kumene akupita, angakumane ndi mafunso omwe sangawathe. Choncho wopita adutse pageti, adinditse, ndipo akhale ndi kalata yonena za sukulu yake, komwe akagone ndi tsiku lobwerera. Amvetserenso nkhani masiku otsatizana asananyamuke. Zionetsero zomwe zinatsatira chisankho cha mu Okutobala 2024 zinatseka misewu m'madera ambiri a dzikolo, ndipo nyengo ngati imeneyo ulendo umayenera kuimitsidwa popanda kukambirana.

Akuluakulu ena akuopa kuti ana akakhala okha adzasiya Swala ndi kudya zosayenera. Ine ndikuti mwana amene amaswali chifukwa choti bambo ake akumuyang'ana, ndi bwino tidziwe msanga. Chipembedzo chathu chinamuganizira kale wapaulendo: Swala za marakaa anayi amazifupikitsa kukhala awiri, ndipo ma Shehe athu angawaphunzitse anawa malamulo ake m'madzulo amodzi. Ambiri a iwo anawerenga zimenezi ku madrasa koma sanazichitepo. Ku Mocuba ndi ku Quelimane mizikiti ilipo, mungofunsa kuti mesquita ili kuti. Ife tinaswali Ijuma pakati pa anthu omwe chilankhulo chawo sitinkachimva, koma Imamu atayamba kuwerenga tinakhala ngati tili kwathu. Pachakudya, nkhuku yophika ndi kokonati yomwe Zambézia imatchuka nayo tinaidya titafunsa kaye amene anazinga. Pomwe tinakayika tinadya nsomba ndi mpunga, ndipo palibe anadandaula.

Nanga atsikana? Pepala lija lili ndi mayina a anyamata okhaokha, ndipo mtsikana wina wa m'kalasi lomwelo, amene amawaposa onse asanu pa Geography, anandifunsa ngati nyanjayo inalengedwera amuna okha. Nkhani ya mahram si yanga kugamula, ndi ya ma Shehe. Chomwe ndikupempha n'choti isakhale njira yachidule yotsekera pakamwa ana aakazi. Ngati pali bambo, mchimwene kapena malume wololera kuperekeza gulu la atsikana, komiti iwathandize kupeza njira m'malo mongoti sizingatheke.

Kwa akuluakulu a komiti, pempho langa si la ndalama. Aitaneni anyamatawa akhale pamphasa, afotokoze okha bajeti yawo, komwe akagone, ndi chomwe adzachite wina akadwala malungo kapena akataya pasipoti. Afunseni mafunso ovuta. Akalephera kuyankha, abwezeni akakonzenso, ndipo akalephera kachiwiri ulendo udikire chaka chamawa. Ngati pali wina mwa inu amene ali ndi mbale kapena mnzake wa malonda ku Mocuba kapena ku Quelimane, ndipo ndikudziwa kuti alipo, apatseni nambala yake.

Pepala lawo loyamba ndinawabwezera kale. Anawerengera bwino thiransipoti yopita, malo ogona ndi chakudya, mpaka ndalama yogulira amayi awo zitenje, koma yobwerera kuchokera ku Quelimane kufika ku Muloza anaiwala onse asanu. Akuti lachiwiri likhala litakonzeka Lachisanu likudzali, Insha Allah, ndipo adzalipereka kwa a komiti tikatuluka mu Ijuma.