Za Mose wa m'Cithunzithunzi

Abale, tiri ndi mlandu ndi ena a ife, ndipo tiunena poyera. Tsiku lina la Mulungu tinafunsa ana a Sande Sukulu kuti, Anatola Mose m'madzi ndani? Ndipo anayankha ambiri mokondwa, nati, Mkazi wa Farao. Pofunsa ife kumene anamva zimenezi, anati anaziona ndi maso ao pa kanema. Mkuru wina wa mpingo pakumva ici anangoseka, nati, Alekeni, nanga nkhani yace si imodzimodzi? Ife tikana, siiri imodzimodzi iai.

Cithunzithunzi anacionaco dzina lace ndi The Prince of Egypt, ndiko kunena Kalonga wa Aigupto. Anacipanga a DreamWorks ku America, nacituritsa kwa anthu mu December 1998. Anthu ali m'menemo onse ngojambula, awa ana athu awacha makatuni, koma alankhula ndi kuyimba ndi mau a anthu enieni. Tisaname, nchito yace njokoma. Pogawanika Nyanja Yofiira munthu agwira pakamwa. Nyimbo zace anazipeka Stephen Schwartz, ndipo imodzi inalandira mphotho ya Oscar mu 1999. Ndalama zimene anthu analipira pokaona zinapitirira madola 200 miliyoni. Eni ace anafunsira nzeru kwa aphunzitsi a Ayuda, Akristu ndi Asilamu. Ngakhale cotero ku Malaysia ndi ku Maldives anaciletsa, popeza Cisilamu sicilola kujambula nkhope ya mneneri.

Ife sitipempha ciletso. Ndipo za kusandutsa mwana wamkazi wa Farao akhale mkazi wace, tikadazilekerera. Cotiwawa ndico cakuti anamkometsa Mose.

Taonani Mose wa m'Buku. Pamene anaima pamaso pa Farao anali wa zaka 80, ndi Aroni mkuru wace wa zaka 83 (Eksodo 7:7). Anali nkhalamba yoweta nkhosa za mpongozi wace, munthu wosakhoza kulankhula pabwalo. Pakuitanidwa anawiringula kawiri katatu, napempha kuti atumidwe wina, kufikira Mulungu anapsa mtima, nampatsa Aroni akhale womnenera. Tsono wa m'cithunzithunzi ndi mwamuna wanyonga, wa ndebvu zakuda, amene adodoma pang'ono cabe, nanka kukadzinenera yekha kwa Farao, mkazi wace Zipora ali pambali. Aroni anamlanda nchito yace, namsandutsa munthu wamantha ndi wokayika.

Ndiponso M-aigupto uja. M'Buku Mose anayamba waonetsetsa kuti mboni palibe, napha munthuyo dala, nabisa mtembo. M'cithunzithunzi angomkankha poleretsa, ndipo munthuyo agwa kucokera pamwamba nafa mwangozi. Mwazi wa m'manja mwa Mose ausambitsa ndi amisiri, kuti oonera angaipidwe naye.

Kodi muyesa izi nzacabe? M'midzi mwathu alimo agogo amene ati, Ine ndakalamba, nchito ya Ambuye yandipitirira. Alimo wacibwibwi amene aopa kutsogolera pemphero. Alimo amene anakhala m'ndende, nabwera, nakhala pa mpando wa kumbuyo cozyolika. Kwa onsewa Mose wa m'Eksodo ndiye mbale wao, pakuti aona mwa iye kuti Mulungu anatola nkhalamba yopalamula naipatsa ndodo. Koma kalonga wokongola wosalakwa awathandiza ciani? Woteroyo ngakhale mfumu ya pansi pano ikadamsankha.

Cina tingochula popita. Mau a Mose ndi mau oturuka m'citsamba coyaka analankhula ndi munthu mmodzi, Val Kilmer. Ife tiopa kuti mwana angayese kuti Mose anangomva za mumtima mwace.

Ndipo cithera pati? Cithera pamene Mose atsika m'phiri ndi magome a miyala m'manja, khamu liri phee m'cigwa. Za fano la mwana wa ng'ombe, za madandaulo a m'cipululu, mulibe. Mwana acoka ndi maganizo akuti Aisrayeli atangooloka nyanja mabvuto onse anatha. Pamene ife obatizidwa kale tidziwa kuti kutsidya ndiko kunayamba nkhondo ya mtima.

Komatu mlandu waukuru sitiuika pa amisiri a ku America. Iwo analemba poyambirira peni peni kuti zina anasintha, nalozera oonera ku buku la Eksodo. Anaposa mkuru wathu uja kunena zoona. Olakwa ndife, amene tiri nalo Buku m'cinenero cathu kuyambira 1922, koma liri m'bokosi pamodzi ndi zobvala za pa Sabata, ndipo ana tawasiyira kanema awaphunzitse m'Cingerezi cimene sacimva bwino.

Cifukwa cace tipempha aphunzitsi ndi akuru ampingo: ana akaona cithunzithunzico, musawakalipire, koma madzulo ace muwatsegulire Eksodo 2 kufikira 4, muwerenge nao pamodzi. Mukatha muwafunse kuti anayamwitsa Mose ndani, ndi amene anamlipira mkaziyo; pakuti ici m'kanema sanacione.