Kupsompsona si mlandu, mlandu ndi mbama

Ndatopa nawo madandaulo a akuluakulu ena oti mafilimu a ku India adaonongeka. Ati kale mnyamata ndi mtsikana akayandikizana milomo, kamera inkathawira ku maluwa awiri ogundana, pamene lero amangopsompsonana poyera. Pepani akuluakulu. Devika Rani ndi Himanshu Rai adapsompsonana kalekale mu 1933 m'filimu ya Karma. Maluwa aja adabwera pambuyo, opanga mafilimu atayamba kuopa lumo la bungwe lounika mafilimu.

Nanga kuseri kwa maluwawo kunkabisala chiyani? Mnyamata kulondalonda mtsikana pa basi, ku koleji, mpaka pachipata cha kwawo. Mtsikana akakana, iye nyimbo. Akakananso, wabwera ndi gulu la ovina. Pofika nyimbo yachitatu mtsikana wagonja basi. Ife m'nyumba za vidiyo tili m'manja wawawa, osadziwa kuti tikuphunzitsidwa zoti "toto" wa mkazi ndi "eya" wochedwa chabe.

Ngakhale Dilwale Dulhania Le Jayenge ya 1995, imene ambiri amaitama, taionetsetsani. Inde, Raj (Shah Rukh Khan) akukana kuthawitsa Simran (Kajol), ati mpaka bambo avomere. Ulemu umenewo, sindikutsutsa. Koma pa siteshoni paja Simran akuthamangira sitima pokhapokha bambo ake atamutaya mkono, ndipo pakhomo la sitimayo dzanja la Raj likudikira kale. Kuchoka m'dzanja ili kulowa m'dzanja ilo. Mwini wake moyo ndani pamenepa?

Kusintha kumene ine ndimawerengera n'kwina. Mu Arth ya 1982, mwamuna wachimasomaso atabwerera kudzapepesa, mkazi wake (Shabana Azmi) akumufunsa ngati iye akadamulandira akadakhala kuti wachimwa ndi mkaziyo. Bamboyo akuti ayi, ndipo mayi akunyamuka. Mu Thappad ya 2020, Taapsee Pannu akuthetsa banja chifukwa cha mbama imodzi yokha, achibale ali kalikiliki kumuuza kuti banja ndi kupirira. Mawu amenewa sitikuwamva koyamba, eti?

Komatu tisafulumire kululutira. Chaka cha 2019 Kabir Singh, momwe Shahid Kapoor akuwaza chibwenzi chake mbama kenaka n'kumukwatira pamapeto, inali m'gulu la mafilimu a Chihindi amene adapha ndalama zambiri chaka chimenecho. Za mbama imeneyo, akuluakulu olira maluwa aja sindidawamvepo akudandaula.