ZA MADZI NDI NTHAKA: Cimene Kariba Anaphunzitsa Anthu a ku Luangwa

Mtsinje wa Luangwa, umene umalandira madzi a mitsinje ya m'maboma a Petauke ndi Nyimba, uli m'gulu la mitsinje yaikulu yowerengeka mu Africa imene sinatsekedwe ndi khoma la damu. Madzi ake ayenda mwaufulu kucokera ku mapiri a Mafinga kufikira ku Feira, kumene athira mu Zambezi. Kunatsala pang'ono kuti zimenezi zisinthe, ndipo ena mwa amene anathandiza kuti zisatero ndi akatswiri ofufuza za madzi.

Kampani ya MDH ya ku South Africa inafuna kumanga khoma pa Ndevu Gorge, m'dera la Nyimba, kuti ipange magetsi okwana mamegawati pafupifupi 240. M'caka ca 2017 akatswiri a pa yunivesite ya California State ku Monterey Bay, ku America, anayesa malowo ndi mapu oonetsa zitunda ndi zigwa. Iwo anapeza kuti khomalo likadapanga nyanja yotalika makilomita pafupifupi 165, ndi kuti madzi ake akadabwerera kufikira m'nkhalango ya nyama ya South Luangwa. Madimba ndi misipu ya m'mbali mwa mtsinje zikadamira.

Cifukwa cake nkhaniyi inadetsa nkhawa nciti? Yankho lili ku Kariba, pakuti nyanja imeneyi yafufuzidwa kuyambira isanabadwe. Khoma la Kariba linatsekedwa m'mwezi wa Disembala 1958, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa. Akatswiri awiri, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anayamba kulemba za moyo wa anthuwo mu 1956, natsatira mabanja omwewo kwa zaka makumi angapo. Zolemba zao zionetsa kuti anthuwo anataya minda ya m'mphepete mwa mtsinje imene inali kuwapatsa zokolola kawiri pa caka, ndipo ambiri anakhazikidwa pa nthaka yosabala bwino.

Nyanjayo inabweretsanso zina zimene omanga khoma sanaziyembekeze. Pofika 1962, udzu woyandama wa Salvinia unaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja. Koma ofufuza anabweretsanso phindu. Ataona kuti pakati pa nyanja panalibe nsomba zodya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, anatenga kapenta ku Nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968 namuika mu Kariba. Kapentayo anaswana, ndipo ndiye wa ku Siavonga amene amai amamugula m'misika.

Za Luangwa, akatswiri anena kuti moyo wake uli m'kusefukira kwake. Madzi akakwera m'dzinja amasiya dothi lacajila m'madimba, amadzaza matamanda, ndipo nsomba zimalowa m'maudzu kukaikira mazira. Khoma likaima, dothilo limakhazikika pansi pa nyanja osafika kwa okhala kumunsi, ndipo madzi amakwera ndi kutsika potsata kufunika kwa magetsi, osati potsata nyengo.

Mafumu ndi anthu ao atamva zimenezi anakweza mau. Bungwe la WWF linasonkhanitsa maina a anthu pafupifupi 200,000 okana khomalo, ndipo m'mwezi wa Juni 2019 Boma linaimitsa cikonzero ca pa Ndevu Gorge. Mfumu Yaikulu Luembe ya Ansenga a ku Nyimba inathokoza Boma cifukwa ca kumva pempho la anthu.

Palibe wokana kuti dziko lifuna magetsi. Komabe cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa Dziko Hakainde Hichilema anacicha tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale caka comweco, cinaonetsa kuti ngakhale nyanja yaikulu monga Kariba imadalira mvula. Madzi anatsika, makina ambiri anaima, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Akulu akale anati safunsa anadya phula. Kuyesa madzi khoma lisanamangidwe ndiko kufunsa kumeneko.

Nchito yoyang'anira madzi a dziko ili m'manja mwa bungwe la WARMA, limene linakhazikitsidwa potsata lamulo la madzi la 2011. Ilo limayesa kuya ndi liwiro la mitsinje ndiponso kupereka zilolezo kwa ofuna kupatutsa madzi. Koma akatswiri okha sangasunge mtsinje. Luangwa amayambanso pa kamtsinje kali konse kothira mu Msanzala kapena mu Nyimba. Mlimi wolima kufikira m'gombe ndi wodula mitengo ya m'mbali mwa madzi atumiza nthaka yake ku mtsinje, ndipo mcenga umakwirira maiwe ndi madamu omwera ng'ombe. Msodzi wokokola ndi neti ya udzudzu apha nsomba za caka camawa.

Kotero mafumu, nduna ndi makomiti a m'midzi apemphedwa kusunga matabwa oyesera madzi amene aimikidwa m'mitsinje, kuletsa ana kuwazula, ndi kulemekeza ciletso ca kupha nsomba ca pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale. Mtsinje umene Boma linausiya kuti uziyenda uyenera kusamalidwa ndi eni ake.